Chitsulo Chimatopa Pamene Maso Safika

Munthu akaima pa phiri la Mpingwe n'kuyang'ana kumunsi, amaona tawuni imene moyo wake watsamira pa zitsulo zozungulira. Sitima zotuluka pa siteshoni ya Limbe zimayenda pa mawilo ovekedwa pa ekiselo. Zigayo za ku Bangwe zimadalira shafiti ndi pule. Magetsi oyatsa nyumba za ku Mpingwe ndi mafakitale a ku Makata amachokera ku makina amene madzi a Shire amawapukusa usana ndi usiku ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo ndege zonyamuka pa Chileka zimakankhidwa ndi injini zimene m'kati mwake muli mapiko achitsulo ozungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Makina onsewa sitinapange ndife. Tinagula, ena tinachita kupatsidwa, ndipo ambirife timakhulupirira kuti chitsulo n'chitsulo, chikamangidwa molimba chimakhala momwemo mpaka wina atachimenya kapena dzimbiri litachidya. Chikhulupiriro chimenechi chapha anthu m'maiko amene ali ndi akatswiri ochuluka kuposa ife. Chitsulo chimatopa, ndipo nthawi zambiri chimayamba kutopera pamene zitsulo ziwiri zagwirana mothina, pomwe diso la makaniko silifika. Dziko loyendera makina otere, ngakhale lisamawapange, liyenera kukhala ndi anthu ndi zida zoyezera kutopa kumeneku, ndipo ife anthu wamba tiyenera kumvetsa chifukwa chimene makina ooneka abwinobwino amaimitsidwira kuti aunikidwe.

Kutopa kwa chitsulo aliyense anakuonapo. Waya amene simungamudule pomukoka ndi manja, mukamupinda uku ndi uku kangapo amafunda kenaka n'kuduka. Chamupha ndi kubwereza. Kupinda kulikonse kumasiya kabala kosaoneka, kabalako kamasanduka mng'alu, mng'aluwo umakula pang'onopang'ono mpaka chitsulo chotsala chitalephera kusenza katundu, ndipo pamenepo chimathyoka kamodzi n'kamodzi, osachenjeza. Anthu anayamba kuliopa vutoli chifukwa cha sitima zapamtunda. Pa 8 May 1842, ekiselo ya injini ya sitima yochokera ku Versailles kupita ku Paris inathyoka, mabogi anaunjikana n'kugwira moto, ndipo anthu osachepera 55 anafa. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, injiniya wa njanji wa ku Germany, August Wöhler, anapanga makina opinda zitsulo za ekiselo mobwerezabwereza uku akuwerenga maulendo. Anapeza kuti katundu amene chitsulo chimamusenza mosavuta kamodzi akhoza kuchithyola akabwerezedwa maulendo mamiliyoni, komanso kuti katunduyo akachepetsedwa kufika pa mlingo wina, chitsulocho chimapirira nthawi yaitali kwambiri. Kuyambira pamenepo mainjiniya samangofunsa kuti chitsulo chingasenze zolemera bwanji. Amafunsanso kuti chingazisenze kangati.

Pali mtundu wina wa kutopa, woipa kuposa uwu, umene akatswiri amautchula kuti fretting fatigue. Umabadwa pamene zitsulo ziwiri zapanikizana mwamphamvu, monga wilo la sitima pa ekiselo yake, pule pa shafiti, kapena bawuti m'bowo mwake. Kuziona ndi maso zimakhala ngati chinthu chimodzi, koma makina akamanjenjemera kapena katundu akamasinthasintha, zitsulozo zimasuntha pang'ono zedi, china pa chinzake. Kusunthako kawirikawiri sikufika ngakhale pa kukula kwa tsitsi limodzi la munthu. Koma poti kumachitika maulendo mamiliyoni, pamwamba pa chitsulo pamayamba kunyenyeka, tizidutswa tothothokato timasakanikirana ndi mpweya n'kusanduka ufa, ndipo ufawo, posowa potulukira, umakhala pomwepo n'kumapala zitsulo zonse ziwiri. Pa chitsulo wamba ufawu umakhala wofiirira, pa aluminiyamu wakuda. Makaniko aliyense amene anachotsapo bering'i yakale pa shafiti ya chigayo anauona, ndipo ambiri amangoti ndi dzimbiri, n'kupukuta, chonsecho umapezeka ngakhale pamalo pamene madzi sanafikepo. Oyamba kulemba za ufawu anali akatswiri atatu a ku Britain, Eden, Rose ndi Cunningham, amene mu 1911 anauona pa zopanira za makina awo oyezera zitsulo. Mu 1927 Tomlinson anaonetsa kuti gwero lake ndi kusuntha kochepako, ndipo mu 1941 Warlow-Davies anatsimikiza kuti chitsulo chokhulidwa motere chimatopa msanga kuposa chinzake chosalala. Ufawo pawokha suthyola kanthu. Choopsa ndi timing'alu timene timayambira m'mphepete mwa malo ogwiranawo, momwe mphamvu ya kukhulana imaunjikana. Pa zitsulo zambiri, kukhulana kotere kumadula ndi theka, nthawi zina kuposa apo, katundu amene chitsulo chikanapirira kwa nthawi yaitali.

Mu injini ya ndege ndi momwe vutoli limakhazikika bwino. Tengani injini ya CFM56-7B, imene imayendetsa Boeing 737-700 ndi 737-800, mitundu ya ndege imene Malawi Airlines imaulutsa. Kutsogolo kwake kuli chifani cha mamita 1.55 m'mimba mwake, chokhala ndi mapiko 24 a chitsulo cha titaniyamu. Mapikowa sawotchereredwa. Tsinde la phiko lililonse ndi lotambalala kumunsi, ndipo limalowetsedwa mu mpata wosemedwa molingana nalo pa gudumu la pakati, kuti likawonongeka lizichotsedwa lokha. Ndege ikamanyamuka, chifanicho chimazungulira maulendo opitirira 5,000 pa mphindi, ndipo phiko lililonse limakokeredwa kunja ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa matani makumi angapo. Tsinde limakwera pang'ono mu mpata wake n'kukanirira pa makoma awiri opendekeka. Injini ikazima limabwerera. Kumeneko ndi kusuntha kwakukulu kumodzi pa ulendo uliwonse. Kuonjezera apo, mphepo yodutsa m'mapiko imawanjenjemeretsa maulendo mazanamazana pa sekondi, ndipo kunjenjemera kulikonse kumakhula tsindelo pang'ono. Kumbuyo kwa injini, kumene mpweya wamoto umapukusa magudumu otchedwa turbine, mapiko ndi a zitsulo za nikelo, matsinde awo ali ndi mano angapo m'mbali, ndipo kukhulana komweku kumachitika pa kutentha kwa madigiri mazana ambiri. Titaniyamu amakondedwa chifukwa ndi wopepuka, wolimba komanso sachita dzimbiri, koma pa kukhulana ndi wofooka: amamatirira pa chitsulo chinzake n'kuthothoka mosavuta.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti tsinde lotere lipirira maulendo angati? Masamu okha sakwanira, chifukwa zochitika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirana zimadalira zambiri: kusalala kwake, kuthina kwake, mafuta, kutentha, ngakhale chinyezi cha mumpweya. Njira yake ndi kuthyola zitsulo mwadala mu labotale. Kuchokera ku chitsulo chomwecho chimene apangira mapiko, amasema kachitsulo konenepa kumapeto koma kowonda pakati. Amakamanga m'makina amene amakakoka n'kukasiya, kukoka n'kusiya, mwina maulendo 20 pa sekondi. Pakati pake amapanikizapo timabuloko tiwiri tachitsulo, kena mbali iyi kena mbali inayo, ndi mphamvu yoyezedwa bwino. Kachitsuloko kakamatamuka ndi kubwerera, kamadzikhula pa timabulokoto monga tsinde la phiko limachitira pa gudumu, ndipo makina amawerenga maulendo mpaka kaduke. Kakafika maulendo 10 miliyoni kasanaduke, zimene pa liwiro limeneli zimatenga masiku pafupifupi 6, ambiri amakawerengera kuti kapirira. Kenaka amamanga kena pa katundu wosiyana, kenanso, mpaka atajambula mzere woonetsa kuti pa katundu wakuti chitsulo chimakhala maulendo akuti. Tizitsulo tina amatiyeza popanda timabuloko, ndipo kutalikirana kwa mizere iwiriyo ndiko kumaonetsa kuchuluka kwa mphamvu imene kukhulana kwadya.

Kachitsulo kodukako satayanso. Kamaikidwa pa maikulosikopu, ndipo podukapo pamaoneka mbiri yonse: pamene mng'alu unayambira, timizere tosonyeza mmene unkakulira ulendo ndi ulendo, ndi gawo lokhakhala limene linathyoka komaliza. Timizere timeneti ndi timene ofufuza ngozi amawerenga chobwerera m'mbuyo kuti adziwe kuti mng'alu unayamba liti. Tizitsulo tophwekati tikatha pamabwera mayeso ovuta. Amasema tsinde lenileni ndi mpata wake n'kumazikoka, monga anachitira Ruiz ndi anzake ku yunivesite ya Oxford m'zaka za m'ma 1980. Amazinga zonsezo ndi ng'anjo kuti afanizire kutentha kwa mu injini. Pomaliza amazunguza gudumu lathunthu m'dzenje lotchingidwa ndi zitsulo zochindikala mpaka china chake chitagonja. Kuti zotsatira za labotale ina zizigwirizana ndi za inzake, bungwe la miyezo la ASTM ku America linatulutsa mu 2010 ndondomeko yotchedwa E2789 yofotokoza kayezedwe kameneka.

Mayesowa anaulula chinthu chimene nzeru wamba sizikanalota. Munthu angaganize kuti kusuntha kukakula, kuwonongeka kumakulanso. Pa kuperepeseka zilidi choncho, koma pa kuthyoka ayi. Akatswiri awiri a ku Sweden, Vingsbo ndi Söderberg, atasonkhanitsa zotsatira za mayeso ambiri, anaonetsa mu 1988 kuti chitsulo chimafa msanga kusuntha kukakhala kochepa, pakati pogwirana patakanirira koma m'mphepete mokha mukutsetsereka. Kusunthako kukakula, zitsulo zimaperepeseka msanga moti timing'alu tatsopano timapalidwa tisanazike mizu. Zimenezi n'zochititsa mantha. Cholumikizira chogwedera chimalira, chimatentha, chimadziulula chokha, pamene chooneka chothina bwino ndicho chingakhale chikulera mng'alu mwakachetechete. Choncho kungothinitsa si mankhwala. Mankhwala amene mayeso anatsimikiza ndi ena: kuwomba pamwamba pa tsinde ndi timipira tachitsulo kuti khungu lake likhale lopanikizika, mng'alu uvutike kutseguka, kulikuta tsindelo ndi chitsulo chofewa chosakaniza kopa, nikelo ndi indiyamu, kupakapo mafuta ouma amene amayenera kubwerezedwa pa nthawi yake, ndipo pa ekiselo ya sitima, kunenepetsa pokhala wilo ndi kusema kangalande pafupi pake kuti mphamvu isaunjikane m'mphepete. Palibe mwa njirazi imene imachotseratu vutolo. Zimangolichedwetsa, ndipo kuchedwako kuyenera kudziwika ndi manambala.

Pa 17 April 2018 zinaoneka zimene zimachitika manambalawo akaphonya. Ndege ya Boeing 737-700 ya kampani ya Southwest Airlines inanyamuka ku New York kupita ku Dallas ndi anthu 149. Ili m'mwamba, phiko nambala 13 la chifani cha injini ya kumanzere linaduka patsinde. Linaphwanya chikuto cha injini, chidutswa cha chikutocho chinaswa zenera, ndipo mayi amene anakhala pazenerapo anamwalira. Oyendetsa anaitsitsa ndegeyo ku Philadelphia. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti mng'alu wa kutopa unayambira patsinde, phikolo litayenda maulendo onyamuka ndi kutera opitirira 32,000, ndipo linati mphamvu younjikana pamalopo inali yaikulu kuposa imene opanga injini anawerengera poyamba. Linapezanso kuti mng'aluwo uyenera kuti unalipo kale pamene mapikowo ankaunikidwa mu 2012 ndi mankhwala owala olowa m'ming'alu, koma sunaoneke. Ngozi yofanana nayo inali itachitika pa ndege ina ya kampani yomweyo mu August 2016, popanda wofa. Patangopita masiku atatu chichitikireni ngozi ya 2018, boma la America linalamula kuti injini zonse za mtunduwu zimene zinali zitakwanitsa maulendo 30,000 ziunikidwe matsinde a mapiko pasanathe masiku 20, pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, njira yomwe achipatala amaunikira amayi oyembekezera. Kuyambira pamenepo kuunikaku kumabwerezedwa pa nthawi zoikika.

Wina anena kuti zonsezi ndi za eni ake opanga injini, ife timangokwera. Pa ndege, mawuwa ali ndi choonadi chake. Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu January 2014 Air Malawi itatha, ndi ya boma la Malawi pamodzi ndi Ethiopian Airlines, imene inatenga magawo 49 pa 100 alionse ndipo ili ndi malo aakulu okonzerako ndege ndi injini ku Addis Ababa. Malamulo a kaunikidwe amachokera kwa opanga ndi kwa mabungwe oyang'anira za ndege, ndipo palibe wanzeru anganene kuti tikumbe dzenje lozunguziramo magudumu a injini pa Chileka. Komabe ngozi ya Southwest yaonetsa kuti opanga nawonso amaphonya, ndipo chimene chimawawongola ndi zimene ogwiritsa ntchito makina apeza pounika. Lamulo lolembedwa ku Washington limakhala pepala chabe ngati palibe munthu wodziwa kugwira chida chounikira, kapena woyang'anira wa boma amene angawerenge lipoti la kuunikako n'kuzindikira kuti pena padumphidwa. Munthu amene sanaonepo chitsulo chikuduka mu labotale pa katundu amene buku likuti ndi wochepa savomereza msanga kuti phiko lonyezimira likhoza kukhala lodwala, ndipo munthu wotere sachedwa kusaina.

Tikachoka ku Chileka n'kutsikira ku Shire, mawu oti eni ake aona okha amatheratu mphamvu, chifukwa kumeneko eni ake ndife. Nkula A inayamba kupanga magetsi mu 1966, Tedzani I mu 1973, Kapichira mu 2000, ndipo kuyambira 2017 makina onsewa ali m'manja mwa kampani yopanga magetsi ya EGENCO. Ndi zoona kuti turbine ya m'madzi imazungulira pang'onopang'ono poyerekeza ndi ya ndege, maulendo mazana ochepa pa mphindi, komanso sipsa ndi moto. Koma malo ogwirana mothina ali ponseponse: mabawuti olumikiza shafiti ndi gudumu lopukusidwa ndi madzi, zitsulo zovekedwa pa shafiti zitatenthetsedwa kuti zikazizira zigwire, makiyi, mabawuti a chivundikiro, ndiponso maginito a jenereta, amene pa makina ambiri amakoledwa pa gudumu lawo ndi matsinde ofanana ndithu ndi a mapiko a ndege. Ndege imatera n'kupuma. Makinawa amazungulira zaka makumi. Makina oyenda maulendo 300 pa mphindi amakwanitsa maulendo 10 miliyoni aja m'masiku 23 okha, ndipo pa chaka amapitirira 150 miliyoni. Komanso Shire wa lero si uja amene opanga makinawo anayeza. Mitengo yatha m'mapiri a Neno, Mwanza, Balaka ndi Blantyre, mchenga ndi matope zimatsikira mumtsinje, namasupuni ndi zinyalala zimavutitsabe polowera madzi ngakhale kuti pa Kamuzu Barrage ku Liwonde pali zotchingira. Mchenga umadya mapiko a turbine mosalingana, gudumu lodyeka mosalingana limanjenjemera, ndipo kunjenjemera ndiko kumayambitsa kukhulana. Magetsi a dzuwa monga a ku Salima, amene ndi dalitso kwa ife, amakwera ndi kutsika potengera mitambo, ndipo makina a m'madzi ndiwo amayenera kutsatira kusinthako. Ntchito ya magetsi a m'madzi ya Mpatamanga, ya mamegawati pafupifupi 350, yakonzedwa kuti izipereka mphamvu zambiri pa maola amene anthu amagwiritsa ntchito magetsi kwambiri, kutanthauza kuyatsa ndi kuzimitsa makina tsiku ndi tsiku, ndipo kuyatsa kulikonse ndi ulendo umodzi waukulu wa kutopa. Buku la wopanga wa ku Ulaya kapena ku Japan silingatiuze kuti bawuti ya ku Tedzani yatsala ndi moyo wotani m'madzi a chaka chino.

Amene akuganiza kuti makina a m'madzi sangaphe amve za Sayano-Shushenskaya ku Russia, pa mtsinje wa Yenisei. Pa 17 August 2009, turbine nambala 2, imene inakhala ikunjenjemera mopyola muyezo kwa nthawi yaitali, inazula chivundikiro chake. Madzi anaikankhira m'mwamba, nyumba ya makina inadzaza, ndipo anthu 75 anafa. Chivundikirocho chinkagwiridwa ndi mabawuti 80. Mwa 49 amene ofufuza anawapeza, 41 anali ndi ming'alu ya kutopa, ndipo 6 analibe n'komwe manati. Siteshoni imeneyi, ya mamegawati 6,400, inatenga zaka 5 kuti ibwerere mwakale. Russia ili ndi akatswiri a zitsulo osawerengeka. Chinasowa ndi lamulo loti makina onjenjemerawo aime ndipo mabawuti aunikidwe, pa nthawi imene magetsi ankafunika.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza ife ogula magetsi, ndipo dandaulo lake ndi lomveka. Wometa tsitsi ku Bangwe, wowotcherera mageti ku Ndirande, mayi wosunga nkhuku zogulitsa mufiriji ku Mpingwe, akamva kuti makina aimitsidwa, amaona tsiku logona ndi njala. Amafunsa kuti, makina akuyenda bwinobwino mukuwazimitsiranji? Funsoli si lopusa, ndipo andale kulikonse amalimva, choncho chiyeso chozengereza kuunika chimakhala chachikulu. Koma mng'alu wa m'kati mwa bawuti kapena pansi pa chitsulo chovekedwa pa shafiti suoneka makina akuyenda. Pamafunika kuimitsa, nthawi zina kumasula, kuti chida chifike. Tiyerekeze mitengo iwiriyo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati 129.6, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a EGENCO, ndipo makinawo sanayambenso mpaka 2023. Chinawononga kumeneko ndi madzi osefukira, osati kutopa kwa chitsulo, koma aliyense wa mu Blantyre akukumbukira maola ataliatali a mdima ndi mafakitale oyendera majenereta a dizilo wogula ndi ndalama zakunja. Shafiti yothyoka kapena gudumu losweka zingatipatse mdima womwewo, chifukwa zitsulo zazikulu chotere sizigulidwa m'sitolo. Zimachita kuitanitsidwa, kusulidwa ndi kutumizidwa pa nyanja, miyezi n'kumapita. Masiku awiri olengezedwa bwino, pa nthawi imene mafakitale atseka, ndi mtengo wochepa. Ogula ali ndi ufulu wofuna zinthu ziwiri: kuuzidwa nthawi ikadalipo, ndi kuuzidwa pambuyo pake zimene zapezeka.

Za ndalama nazo sitingazilambalale. Dziko limene mankhwala amasowa m'zipatala lingagule bwanji makina othyolera zitsulo mwadala? Pali zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Kufufuza zitsulo zatsopano za injini za ndege kumadya mabiliyoni, ndipo si ntchito yathu. Koma makina a mtundu wa Wöhler, mota yozunguza kachitsulo kopachikidwa cholemera, ophunzira uinjiniya akhoza kupanga okha, ndipo kuveka kamphete kothina pa kachitsuloko ndiko kale kuyeza kukhulana kwa wilo pa ekiselo. Zida zounikira ming'alu popanda kuwononga chitsulo, za mafunde a phokoso, za maginito ndi ufa wachitsulo, za mankhwala olowa m'ming'alu, zimanyamulidwa m'chikwama, ndipo mtengo wake sufika pa wa galimoto limodzi lalikulu la bwana. Chodula kwenikweni ndi munthu: kumuphunzitsa, kumulembetsa mayeso ovomerezeka, ndi kumusunga kuti asathawire ku Johannesburg. Ena amakayikiranso kuti kachitsulo ka mu labotale si makina enieni, ndipo tizitsulo tiwiri tofanana tikhoza kuduka pa maulendo otalikirana kwambiri. N'zoona, ndipo akatswiri sabisa. N'chifukwa chake amayeza tambiri, amatenga tofooka ngati muyezo, amasiyanso mpata wa chitetezo, kenaka amaunikabe makina enieniwo. Labotale imanena poyang'ana ndi nthawi yoyang'ana, kuunika kumanena ngati labotale inalondola, ndipo wokhala ndi chimodzi chokha mwa ziwirizi amangolosera.

Zofunika zambiri zilipo kale mumzinda uno, zangomwazikana. Yunivesite ya MUBAS, imene ambiri timaitchulabe kuti Poly, ili pa Chichiri ndipo yaphunzitsa mainjiniya a makina kwa zaka zambiri. Yunivesite ya MUST ili pafupi, ku Thyolo. Malawi Bureau of Standards likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, EGENCO chimodzimodzi. Njanji ya Shire Highlands inafika kuno mu 1908, Limbe n'kukhala likulu la ntchito za njanji ndi magalaja ake, ndipo wilo lovekedwa mothina pa ekiselo ndilo limasenza sitima iliyonse yotuluka m'menemo. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa, Illovo imayendetsa maturbine a nthunzi potentha zotsalira za nzimbe. Onsewa mdani wawo ndi mmodzi. Aliyense payekha sangadzaze labotale ndi ntchito chaka chonse, koma pamodzi angathe. Pali chuma chinanso chimene timataya, chomwe ndi chitsulo chothyoka. Shafiti ikaduka timaithamangitsira kwa wowotcherera kapena kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, chonsecho podukapo ndi pamene palembedwa chifukwa chake. Chitsulo chachikulu chilichonse chothyoka m'makina a boma kapena a kampani chikanamapita kaye kwa ochiunika, zithunzi ndi zopezazo n'kusungidwa, tikanakhala ndi buku lathu lathu la mmene zitsulo zimafera m'fumbi lathu ndi mumchenga wa Shire.

Nzeruyi iyenera kutsika kufika kwa amisiri, chifukwa anthu ambiri amene chitsulo chotopa chingawavulaze sakwera ndege. Ali m'minibasi imene mabawuti a wilo lake anathinitsidwa podumphira pa sipanala, ali pamzere pachigayo pafupi ndi pule yothamanga. Pali zizolowezi ziwiri zimene mayeso a kutopa amatsutsa poyera. Bering'i ikayamba kugwedera pa shafiti, ena amadinda shafitiyo ndi panchi kuti ithine, koma kabowo kalikonse ka panchi ndi poyambira mng'alu. China ndi kuwotcherera pamwamba pa shafiti yodyeka n'kuisemanso, osaunika ngati pansi pake pali mng'alu kale, osaitenthetsa moyenera. Kumeneko n'kubisa bala n'kuwonjezerapo lina. Amisiri sachita izi chifukwa cha ulesi. Sipeya ndi wodula, ndalama zakunja zikusowa, mwini chigayo akufuna chilire lero lomwe. Koma mmisiri, kaya anaphunzira ku Soche Technical College kaya pa galaja ya m'mbali mwa msewu, atadziwa kuti ufa wofiirira pamalo ouma ndi chizindikiro cha kusuntha, akhoza kumuuza mwiniwakeyo zoona, kuti shafitiyi iunikidwe isanabwezeredwe.

Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile wochuluka kwambiri, mwala umene titaniyamu amachokerako, ndipo malowa akuwerengedwa pakati pa aakulu kwambiri a mtunduwu padziko lonse. Kusungunula ndi kusula titaniyamu kuli kutali ndi ife, koma kudziwa kuyeza chitsulo kuli pafupi. Pamene migwirizano ya Mpatamanga ndi ya kukonzanso makina a pa Shire ikukambidwa, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi bungwe loyang'anira za magetsi la MERA afunse ngati muli ndime yophunzitsa Amalawi kuunika ming'alu, ndime yosiya zida zounikira m'dziko muno, ndi ndime yopereka kwa mainjiniya athu manambala a kutopa a chitsulo chilichonse chofunika. Afunse tsopano, makontirakitala asanalongedze katundu wawo.